Kodi Mankhwala Ali ndi Mwini?

Amai ndi abambo, tsopano mumatha kuŵerenga. Tengani paketi ya mankhwala imene ili m'nyumba mwanu. Iyang'anitsitseni bwino. Kaŵirikaŵiri mudzapeza maina aŵiri. Dzina lina ndi la zilembo zikuluzikulu. Lina ndi la zilembo zing'onozing'ono, ndipo limakhala m'munsi mwake. Nanga bwanji mankhwala amodzi ali ndi maina aŵiri? Nanga bwanji mankhwala ena amayamba ndi mtengo woopsa, kenaka n'kudzatsika patapita zaka?

Yankho lake lagona pa liu limodzi lachilendo. Liulo ndi patenti. M'nkhani ino tiona kumene mankhwala opha tizirombo amachokera, mwini wake ndani, ndiponso m'mene nzeru imeneyi ingatetezere moyo wathu ndi ndalama zathu.

1. Adani osaoneka

Matenda ambiri amayamba ndi tizirombo tosaoneka ndi maso. Tizirombo timeneti tili m'magulu. Gulu lina ndi mabakiteriya. Ameneŵa amayambitsa kolera, chindoko, chinzonono, TB ndi mafinya a pa bala. Gulu lina ndi mavairasi. Ameneŵa amayambitsa chimfine, chikuku ndi Edzi. Malungo nawo ali ndi kachirombo kakekake, kamene kamabwera ndi udzudzu.

Gulu lililonse lili ndi mankhwala ake. Msampha wa mbeŵa sugwira nsomba. Chimodzimodzinso mankhwala opha mabakiteriya sachiza chimfine.

Mbeu zathu nazonso zimadwala. Ife a kuno ku Kasungu timadziŵa maŵanga amene amagwira masamba a fodya pa nazale. Ena mwa maŵanga ameneŵa amayamba ndi mabakiteriya. N'chifukwa chake alangizi amatiuza za mankhwala opopera okhala ndi kopa. Nzeru yopopera kopa idachokera ku France. Kumeneko alimi ankapaka kopa wosakaniza ndi laimu pa mphesa za m'mbali mwa mseu pofuna kuopseza akuba. Mphunzitsi wina, dzina lake Millardet, adaona kuti mphesa zopakidwazo sizinkadwala. M'chaka cha 1885 adalengeza za mankhwalawo kwa anthu onse.

2. Khitchini yaikulu yotchedwa fakitale

Amai akafuna chidulo amatenga phulusa ndi madzi n'kutcheza. Chotuluka pamenepo si phulusanso ai, komanso si madzi wamba. Akatswiri a m'fakitale amachita ntchito yofanana ndi imeneyi, koma ndi miphika yaikulu kuposa nyumba. Amatenga zinthu wamba monga malasha, mafuta a pansi pa nthaka, mchere ndi mpweya. Amazisakaniza pa muyeso wake ndi pa moto wake, mpaka zitasanduka chinthu chatsopano.

Chitsanzo chili m'nkhokwe mwanu momwemo. Ndi feteleza wa urea. Mu mpweya umene timapumawu muli chakudya cha mbeu chotchedwa naitirojeni, koma chimanga sichingathe kuchitapa chokha. M'chaka cha 1909 katswiri wa ku Germany, Fritz Haber, adapeza njira yokolera naitirojeni wa mu mpweya. Mnzake Carl Bosch adamanga fakitale yake yoyamba m'chaka cha 1913. Urea amachokera mu njira imeneyi. Pa thumba lake mudzaona nambala 46. Ikutanthauza kuti pa makilogalamu 100 a urea, makilogalamu 46 ndi naitirojeni. Choncho m'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23.

Mankhwala ambiri a ku chipatala amapangidwanso motero. Pa ntchitoyi pamafunika nzeru zitatu. Yoyamba ndi kupeza mankhwala enieniwo. Yachiŵiri ndi kupeza njira yoŵapangira ambirimbiri. Yachitatu ndi kasakanizidwe kake, kuti akhale piritsi, jakisoni, mafuta odzola kapena madzi omwetsa mwana. Munthu angathe kukhala mwini wa nzeru iliyonse mwa zitatuzi.

3. Patenti n'chiyani?

Kuno kwathu liu lakuti lizi si lachilendo. Mwini esiteti amakhala ndi kalata ya boma. Kalatayo imanena malire a malo ake ndi zaka zimene adzalimepo. Munthu wina sangalime pamenepo popanda chilolezo chake.

Patenti ndi kalata yotero, koma si ya munda. Ndi ya nzeru yatsopano. Munthu kapena kampani ikatulukira mankhwala atsopano, imakapempha kalatayi ku boma. Ikalandira, wina aliyense saloledwa kupanga kapena kugulitsa mankhwalawo popanda chilolezo. M'maiko ambiri patenti imakhala zaka 20.

Boma limavomera zimenezi pa chifukwa chomveka. Kufufuza mankhwala atsopano kumadya zaka zambiri ndi ndalama zochuluka. Zoyesa zambiri zimalephera. Wolima nayenso amafuna kukolola. Koma boma silipereka kalatayi ulele. Wopemphayo ayenera kulemba poyera chinsinsi chake chonse, kuti akatswiri ena aŵerenge. Zaka zija zikatha, nzeru ija imasanduka ya anthu onse, ngati chitsime cha m'mudzi. Makampani ambiri amayamba kupanga mankhwala omwewo. Amapikisana, ndipo mtengo umatsika.

Palinso lamulo lina lofunika. Patenti ndi ya chinthu chatsopano chokha. Nzeru imene anthu akhala akuidziŵa kuyambira kale siingakhale ya munthu mmodzi. Mtengo wa nimu mumaudziŵa. M'chaka cha 1994 ofesi ya patenti ya ku Ulaya idapereka patenti ya mankhwala ophera chuku pa mbeu, opangidwa ndi mafuta a nimu. Anthu a ku India adadandaula. Adapereka umboni wakuti kwao nimu adayamba kale kumugwiritsa ntchito yotero. M'chaka cha 2000 patenti ija idafafanizidwa.

Kuno kwathu lamulo la patenti lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1957, nthaŵi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. M'chaka cha 1976 maiko ena a mu Africa adagwirizana ku Lusaka kuti aziyendetsera pamodzi nkhani zimenezi. Bungwe lao tsopano limatchedwa ARIPO. Likulu lake lili ku Harare, ndipo Malaŵi ndi membala.

4. Utoto wofiira umene udachiza anthu

Makolo athu ankaopa chibayo ndi bala lotukusira. Azungu nawonso ankafa ndi matenda omweŵa. Madokotala ao analibe mankhwala amphamvu oŵachizira.

M'chaka cha 1932 dokotala wina wa ku Germany, Gerhard Domagk, ankayesa mitundu ya utoto ku kampani ya Bayer. Adapeza kuti utoto wina wofiira unkachiza mbeŵa zodwala ndi mabakiteriya. Kampaniyo idatenga patenti, nkuutcha utotowo Prontosil. Inkayembekeza kupindula kwambiri.

Koma m'chaka cha 1935 akatswiri a ku Paris adatulukira chinsinsi china. Utotowo ukaloŵa m'thupi umagaŵika. Kufiira kuja kulibe ntchito. Chimene chimachiza ndi kagawo kena koyera kotchedwa sulfanilamide. Tsono kagawo kameneka sikanali katsopano. Kadapangidwa kale m'chaka cha 1908 ku Vienna, ndipo patenti yake inali itatha. Motero makampani ambiri adayamba kukapanga motchipa, anthu ochuluka napulumuka.

Mdzukulu wa mankhwala amenewo timamudziŵa tonse. Ndi Bactrim. Dzina limeneli ndi la malonda chabe, ndipo lidachokera ku kampani ya Roche. Dzina lenileni ndi cotrimoxazole. M'piritsi lake muli mankhwala aŵiri ogwirira ntchito pamodzi, chifukwa mutu umodzi susenza denga. M'piritsi la mamiligalamu 480, mankhwala ena ndi 400, ena ndi 80. Patenti yake idatha kalekale. Ndiye mukalandira cotrimoxazole ku chipatala cha ku Santhe, ku Chamama kapena ku Nkhamenya, musanene kuti akumanani Bactrim. Ndi mankhwala amodzi omwewo.

5. Chuku ndi matsukwa

Nkhani ya penisilini ndi yodabwitsa. M'chaka cha 1928 Alexander Fleming ankaŵeta mabakiteriya m'timbale ku chipatala china ku London. Tsiku lina adapeza kambale kena katachita chuku. Pozungulira chukucho mabakiteriya anali atafa. Apo adazindikira kuti chuku chimenecho chimatulutsa madzi opha mabakiteriya.

Koma kupeza ndi kwina, kupanga ndi kwinanso. Padapita zaka zoposa 10. Howard Florey ndi Ernst Chain a ku Oxford ndiwo adatha kutcheza penisilini woti n'kubaya munthu. M'chaka cha 1941 adabaya wapolisi wina amene ankadwala kwakayakaya. Munthuyo adayamba kupeza bwino. Mwatsoka mankhwala adatha asanachire, ndipo adamwalira.

Vuto linali kupanga penisilini wambiri. Thandizo lidapezeka ku Peoria, m'dera lolima chimanga ku America. Kumeneko mafakitale ankaviika chimanga, ndipo ankatsala ndi madzi ofanana ndi matsukwa athu. Akatswiri adapeza kuti chuku chija chikamadya madzi amenewo chimatulutsa penisilini wochuluka. Mtundu wa chuku wobereka kwambiri adaupeza pa chipatso choola cha pa msika. Fleming sadatenge patenti ya penisilini. Koma Andrew Moyer wa ku Peoria adalandira patenti ya njira yopangira. Mwaonatu kuti mankhwala ndi njira yake ndi nzeru ziŵiri zosiyana.

Chuku chimenechi n'cha mtundu wapadera. Chuku cha pa chimanga ndi mtedza wathu si mankhwala ai. Chimenecho ndi poizoni woononga chiŵindi.

6. Mtengo wa moyo

Patenti ili ndi ubwino wake, komanso ili ndi ululu wake. Pa zaka 20 zija wogulitsa amakhala mmodzi, ndipo mtengo amatchula yekha. Wodwala sangadikire zaka 20. Ife Amalaŵi tidaziona zimenezi ndi maso athu.

M'ma 1990 Edzi idatha anthu m'midzi ndi m'maesiteti. Maliro anali tsiku ndi tsiku. Pofika 1996 mankhwala a ma ARV ogwira bwino ntchito anali atapezeka ku maiko olemera. Mankhwalaŵa sachiza, koma amafooketsa kachirombo kuti munthu akhale ndi moyo wautali. Vuto linali mtengo. M'chaka cha 2000 munthu mmodzi ankafunika madola a ku America oposa 10,000 pa chaka. Ndi mlimi uti wa fodya akadakwanitsa, ngakhale atagulitsa mabelo ake onse ku okushoni?

Khomo lidatsekukira ku India. Lamulo la kumeneko la m'chaka cha 1970 linkateteza njira yopangira mankhwala, koma osati mankhwala enieniwo. Kampani ikapeza njira yakeyake, inali ndi ufulu wopanga mankhwala omwewo. Lamulo limeneli lidagwira ntchito mpaka 2005. Mu February 2001 kampani ya Cipla idalengeza kuti idzagulitsa ma ARV a munthu mmodzi pa madola 350 pa chaka. Dziko lonse lapansi lidadzidzimuka.

Cipla idachitanso chinthu china chanzeru. Wodwala ankafunika mankhwala atatu, ndipo eni ake anali makampani atatu osiyana. Cipla idaphatikiza onse atatu m'piritsi limodzi lotchedwa Triomune. Munthu ankamwa limodzi m'maŵa, limodzi madzulo.

Chaka chomwecho ku South Africa makampani 39 anali pa mlandu ndi boma la kumeneko chifukwa cha lamulo lofuna kutsitsa mitengo ya mankhwala. Anthu adakwiya nachita zionetsero, ndipo mu April makampaniwo adausiya mlanduwo. Mu November maiko adakumana ku Doha. Adagwirizana kuti malamulo a patenti asaletse boma kuteteza umoyo wa anthu ake. Pambuyo pake maiko osauka kwambiri, monga Malaŵi, adaloledwa kusatsata patenti za mankhwala mpaka chaka cha 2033.

M'chaka cha 2004 Boma la Malaŵi lidayamba kugaŵa ma ARV aulere m'zipatala, mothandizidwa ndi thumba la Global Fund. Piritsi loyamba linali la mtundu wa Triomune uja. Pofika 2020 anthu olandira mankhwalaŵa anali atapitirira 800,000. Ena mwa iwo ndi abale athu. Akulima, akuphunzitsa ana ao, ndipo ena timakhala nawo limodzi pa sukulu ya kwacha.

Masiku ano palinso njira ya kukambirana. Bungwe la Medicines Patent Pool lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2010. Limapempha eni patenti kuti alole makampani ena kupangira maiko osauka. Kudzera m'njira imeneyi mankhwala atsopano otchedwa dolutegravir adafika msanga kuno. Malaŵi adayamba kuŵagaŵa kwa anthu ambiri m'chaka cha 2019, patenti yake isanathe.

7. Mankhwala amafooka

Mankhwala akatchipa, udindo umabwera kwa ife. Tizirombo timaphunzira. Munthu akamwa mankhwala mwatheka, tizirombo tofooka timafa, koma tolimba timatsala. Totsalato timaswana, ndipo ana ake samvanso mankhwalawo. Zili ngati kupalira kapinga pamwamba pokha. Mizu ikatsala amaphukanso.

Achikulire akukumbukira chloroquine. Kale ankachiza malungo bwino lomwe. Kenaka kachirombo ka malungo kadamuzoloŵera. M'chaka cha 1993 Malaŵi adasiya chloroquine nayamba SP, amene ambiri timamutcha Fansidar. SP nayenso adafooka. M'chaka cha 2007 tidayamba kulandira LA. Pa zaka 14 zokha tidasintha kaŵiri.

Taganizirani tsono. Mankhwala akale otchipa akasiya kugwira ntchito, timafuna atsopano. Atsopanowo amabwera ndi patenti yatsopano ndi mtengo wake. Choncho munthu wogula makapusozi aŵiri pa msika chifukwa cha chimfine akudziononga yekha, akuononganso chuma cha mudzi wonse. N'chimodzimodzi ndi wothira makapusozi a anthu m'madzi a nkhuku.

8. Zoyenera kuchita

Choyamba, ŵerengani dzina lenileni. Ndi lija la zilembo zing'onozing'ono. Panado ndi Panadol onse ndi paracetamol. Coartem ndi LA ndi amodzi. Dzina lenileni ndi nambala ya mamiligalamu zikafanana, ntchito yake ndi imodzi. Musalipire ndalama zambiri chifukwa cha paketi yokongola. Paja akulu adati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Chachiŵiri, siyanitsani mankhwala otchipa ndi mankhwala achinyengo. Otchipa ovomerezeka amayesedwa ndipo amalembedwa m'kaundula wa boma. Ntchito imeneyi amagwira ndi bungwe la PMRA. Achinyengo amapangidwa mobisa, ndipo ena mulibe mankhwala m'kati mwake. Landirani mankhwala ku chipatala, kapena gulani ku sitolo ya mankhwala ya chilolezo. Musagule a pa mphasa, amene akhala pa dzuŵa tsiku lonse.

Chachitatu, ŵerengani tsiku lothera mphamvu. Pa paketi pamakhala zilembo zakuti EXP, kenaka mwezi ndi chaka. Tsikulo likapitirira, musamwe.

Chachinai, imwani monga m'mene adokotala anenera, pa nthaŵi yake ndi masiku ake onse. Musagaŵireko mnzanu. Musasungeko ena akuti mudzamwe tsiku lina.

Chachisanu, chitani chimodzimodzi ndi mankhwala a kumunda. Nawonso ali ndi dzina la malonda ndi dzina lenileni. Bungwe loŵayang'anira ndi Pesticides Control Board. Botolo lopanda chizindikiro musagule. Tsatani muyeso wolembedwa, valani zodzitetezera popopera, ndipo musatungire madzi akumwa m'botolo lotha.

Chachisanu ndi chimodzi, funsani. Maina a mankhwala ndi ovuta ngakhale kwa anthu ophunzira. Ngati dzina lakukanikani, likopereni pa pepala. Kaonetseni adokotala, mlangizi wa zaumoyo kapena mlangizi wa zaulimi. Safunsa adadya phula.

Tsono tibwerere ku funso lathu. Kodi mankhwala ali ndi mwini? Inde, ali naye, koma kwa kanthaŵi. Zaka zake zikatha amasanduka a tonsefe. Kuyambira pamenepo oŵasamala ndife.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Kodi patenti ikufanana bwanji ndi lizi ya esiteti? Nanga ikusiyana bwanji?
2. Chifukwa chiyani mtengo wa mankhwala umatsika patenti ikatha?
3. Chifukwa chiyani patenti ya mankhwala a nimu idafafanizidwa?
4. Kodi n'koyenera kuti wotulukira mankhwala apindule pamene odwala akulephera kugula? Mukadakhala inu boma mukadatani?
5. Tchulani makhalidwe aŵiri a m'mudzi mwanu amene amafooketsa mankhwala.

Ntchito yolemba ndi kuŵerengera

1. Bweretsani mapaketi atatu opanda kanthu a mankhwala. Lembani m'kope mwanu dzina la malonda, dzina lenileni ndi tsiku lothera mphamvu.
2. Kampani yapempha patenti ya zaka 20 m'chaka cha 2015. Kodi idzatha chaka chiti?
3. Chotserani 350 pa 10,000. Kodi mtengo wa ma ARV udatsika ndi madola angati?